Ndinawaimiritsa m'tchalitchi kuti alembetse

Aphungu,

Ndinabwera kuchokera kumaphunziro ku Makerere chaka chatha. Tsopano ndimamasulira mawu a dokotala wachizungu amene akuyesa mapiritsi atsopano a likodzo. Akufuna anthu makumi asanu, koma sabata yoyamba kunabwera anayi okha.

Nzeru imene inatsatira inali yanga, osati ya dokotala. Ndinapempha adikoni kuti ndilankhule mapemphero atatha. Ndinawerenga maina a anayi aja, kenaka ndinati okonda mudzi wawo aimirire. Ndinkadziwa kuti adikoni akaimirira, palibe angatsale pabenchi. Sindinaname, koma mawu akuti "kuyesa" ndinawatchula kamodzi, chapansipansi.

Dokotala anali atanena kuti amayi oyembekezera asamwe. Ndinafunsa pomwepo, pamaso pa amuna ndi apongozi, kuti amene ali ndi pakati akhale pansi. Palibe anakhala. Ine wobadwira konkuno ndinaiwala kuti mimba yosaoneka sitchulidwa pagulu.

Mmodzi wa amayi amene anamwa mapiritsiwo, Nabanda, wapita padera. Amuna ake, a Andrea, anandiimitsa panjira nati, "Achimwene, mzunguyo sitimudziwa. Ife tinaimirira inu." Dokotala akuti mwina ndi malungo. Mwinadi. Lamlungu likudzali ndiyenera kukachita zomwezo ku Mbulumbuzi, poti maina sanakwane. Kodi ndipite?

L.G., Milepa

A L.G.,

Chimene chinachotsa mimbayo ine sindichidziwa, ndipo mwina inunso simudzachidziwa. Koma chimene chinawaimiritsa mukuchidziwa: manyazi. Woimirira chifukwa adikoni aimirira sanavomere kanthu, wangothawa maso a anzake.

Mawa lomwe kauzeni dokotala mmene mainawo munawapezera. Amayi onse ayambe aleka mapiritsi mpaka mzamba wachikulire atalankhula ndi aliyense payekha, kuseri. Nabandayo sanali yekha wobisa, ndikhulupirireni.

Kenaka tengani amalume anu mukapepese kwa a Andrea. Nkhani ya malungo muisiye panjira.

Ku Mbulumbuzi pitani, koma osati m'tchalitchi. Yendani khomo ndi khomo, mutchule "kuyesa" mokweza, munenenso kuti wokana adzathandizidwabe akadwala. Mukapeza asanu, ndi asanu omwewo.

Dokotala angakwiye, ntchito ingathe; sindikubisirani. Koma chenjerani: iye akadzamaliza adzakwera sitima kubwerera kwawo. Inu mudzatsala, ndipo manda anu adzakumba ndi anthu omwewa.