Tabuleti ya achimwene yayamba kundichepera

Aphungu,

Ndine telala, ndimasokera pakhonde la sitolo ya nsalu. Zaka zapitazo achimwene anga anandigulira tabuleti yaing'ono, kachipangizo konga foni yaikulu, pomwe iwo eni ankayenda ndi foni yosweka galasi. Kachipangizoka kandichotsa manyazi. Makasitomala amasankhirapo masitayelo, ndipo kusoka madiresi a ukwati ndinaphunzirira pomwepo. Ndikakagwira m'manja ndimathokoza Mulungu ndi achimwenewo.

Koma chaka chino kayamba kundichepera. Ndimachita kukatalikitsa ndi dzanja kuti ndione mmene kolala yakhalira. Tsiku lina ndinawerenga molakwika muyezo wa kasitomala, mpaka ndinamuonongera nsalu. Ngakhale ulusi pa singano amandilowetsera ndi mayi ogulitsa mabatani pafupi nane.

Nditapita kusitolo ya matabuleti, mwini wake anaseka. Anati, "Mayi, ting'onoting'onoti anthu anasiya kugula, tikungodya fumbi pa shelefu. Zikuyenda malonda ndi zikuluzikuluzi." Mtima wanga wakopeka, koma ndikuopa kuti achimwene adzati ndanyoza mphatso yawo. Ndigule?

E.T.

Mayi E.T.,

Kalata yanu yandisangalatsa. Ambiri akalandira mphatso amaiwala mawa lake, inu mukuthokozabe mpaka lero.

Koma ndikufunseni: tabuletiyo munaichapa m'madzi otentha kuti ichepe ngati juzi? Ili chimodzimodzi monga tsiku limene achimwene anakupatsani. Singano nayonso sinasinthe bowo. Ine ndikukayikira maso anu.

Wogulitsayo mwina sananame, zikuluzikulu zingakhale zikuyendadi malonda kwa iye. Koma wakuuzani za shelefu yake, za maso anu sakuzidziwa.

Sabata ino pitani kuchipatala akakupimeni maso, mukawauzenso za singanoyo. Mwina ndi magalasi chabe, mwina n'zina zofuna kuzigwira msanga. Panopa kulitsani zilembo pa tabuletiyo, ndipo muyezo muziuwerenga kawiri musanagwire sizasi.

Mukavala magalasi n'kuona kuti ntchito ikufunabe yaikulu, gulani mosaopa. Achimwene kawauzeni nokha, tabuleti yakaleyo ili m'manja, muwaonetse madiresi onse amene yabala. Munthu amene anapirira foni yosweka chifukwa cha inu sangakwiye poona mlongo wake akupita patsogolo.

Chenjezo langa ndi ili: mukathamangira kusitolo musanapite kuchipatala, zilembo zidzakula, mudzaiwala vuto, maso n'kumapitirira kutha. Matabuleti aakulu alipo ambiri, mayi, koma ulusi pa singano sadzakulowetserani.

Aphungu