Mumutsitse Tamala

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko?

Kuno ku Kabwata, mu Lusaka, tilipo. Mkazi wa mwana wanu Yohane anachira bwino, ndi mwana wamkazi, mphuno yake ndi yanu yeniyeni. Kachimanga kanu ka kuseri kwa nyumba chaka chino tinangootcha n'kutha, mvula inatinyoza. Magetsi ndiye amabwera ngati alendo.

Koma chimene ndalembera ndi Tamala, mzime wanu. Mukukumbukira matenda ake a mitsempha aja, amene madokotala amati MS, omwe anamufooketsa mwendo inu musanapite. Anamupatsa jakisoni wodzibaya yekha kunyumba. Tsiku limenelo ba dokotala analankhula Chingerezi chothamanga, ine ndi Tamala n'kumangogwedeza mitu ngati abuluzi. Inu munkadana nazo zimenezo, munkati ngati sunamve funsa, manyazi sanachizepo munthu. Sitinafunse.

Titakuikani m'manda, Tamala anayamba kumva china chake chikumumanga pachifuwa, kuzungulira mpaka kumsana, ngati chitenje chomangidwa zolimba. Chimabwera masana dzuwa likuswa mtengo, iye akusita kapena akuphika. Amaima chilili, kutseka maso, n'kumwetulira. Akuti ndinu, mwabwera kudzamubereka monga kale. Jakisoni wasiya, ati mankhwala angakuthamangitseni.

Ndinakwera basi ndekha kubwerera kuchipatala, ndinafunsa m'Chinyanja mpaka ndinamva. Nesi anandiuza kuti kumangako ndi matenda omwewo, odwala ena amakumvanso, makamaka thupi likatenthedwa. Ntchito ya jakisoni ndi kuletsa matendawo kudya mitsempha mwakachetechete, ngakhale munthu akuoneka kuti ali bwino, ndipo mtsempha ukawonongeka nthawi zina subwereranso. Ndinamufotokozera Tamala zonsezi. Anangondiyang'ana mwachisoni, ngati mwana amene amayi ake amudumpha ndine.

Mutu wanga unamva, amayi. Koma Lachiwiri ndinamupeza ataima m'khitchini, mapazi osasuntha, thupi likugwedezeka pang'onopang'ono ngati khanda kumsana kwa munthu amene akuyenda. Ankang'ung'udza kanyimbo kanu ka ku Katete kaja, kamene munasiya kuimba iye atangoleka kuyamwa. Anakadziwira kuti? Ndinachita mantha, sindibisa. Ndinachitanso nsanje.

Sabata ino diso lake lamanzere layamba kuchita chifunga, kapu ikumupulumuka m'manja, mwendo uja wayambanso kukoka. Akapitiriza chonchi, mwana wanu adzasiya kuyenda.

Ndiye ndikukupemphani. Ngati si inu, mubwere kumaloto mumuuze nokha, poti ine sakundimvera. Ngati ndinu, Tamala anakula amayi, ndi munthu wamkulu tsopano, ndipo mukumupweteka. Masulani chitenjecho, mumutsitse.

Mawa ndipita naye kuchipatala ngakhale andide, ndipo akayankhe yekha atamva zonse m'chilankhulo chake. Inu musaope kumusiya. Ndikukulonjezani, mukamutsitsa ndimugwira ine, sagwa.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esnati