Makina a Tsabola Sindinagulitse

Lachiwiri, 11 Novembala

Okondedwa achemwali,

Kaya mukukumbukira masana ena ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu, pamene wailesi ya bambo inkaulutsa gawo lomaliza la sewero lija la mwana wotayika m'sitima. Ndinali nditalitsatira miyezi itatu, khutu nditagunditsa pa wailesipo. Patangotsala pang'ono kuti tidziwe ngati apeze makolo ake, bambo analowa n'kupotokola kabatani kuti amve nkhani. Sanachite mwankhanza, ine ndiye sanandione n'komwe. Ndinakalirira kuseri kwa chitseko. Patapita kanthawi munabwera, manja ali nyowe ndi madzi a mbale, n'kundiuza kuti mathero mwawamva kwa oyandikana nafe: mwanayo anapeza mayi ake pa siteshoni yomaliza, atavala chipewa chofiira. Ndinakhulupirira mpaka ndili ku sekondale, pomwe ndinadzakumbukira kuti oyandikana nafe aja analibe wailesi.

Ndayamba ndi zimenezi chifukwa sabata yatha ndazindikira kuti miyezi iwiri yathunthu ndakhala ndikuchita za bambo. Pafoni sindingathe kufotokoza. Mumandidula, komanso ola lanu la Loweruka, lokhalo limene amakupumitsani kosamalira okalambako, si langa, n'la mwana wanu. Ndiye ndalemba pamanja. Ndijambula masambawa n'kukutumizirani, muwerenge m'basi popita kuntchito.

Kuno tili bwino. Alamu anu bondo lija lasiya kuwavuta, ayambiranso kukwera masitepe akundilalatira. Kosindikiza mabuku kwathu tatanganidwa ndi makalendala a chaka chamawa, moti zala zanga zikununkha guluu ngakhale ndisambe bwanji. Mwana wanu Tsabola wandipitirira kale paphewa, zaka khumi ndi zisanu zokha, ndipo dzina munamupatsa lija tsiku limene anafunsa adokotala ngati asamba m'manja likumuyenerabe. Masamu wakhoza. Mbiri yakale walephera pang'ono, akuti aphunzitsi ake amayankhula ngati akudziwerengera okha.

Tsopano ndiulule. Makina ake a magemu aja munati ndigulitse, sindinagulitse. Tsiku lija munandifunsa ine n'kuyankha kuti zatheka, ndinanama. Anali mu wadiropu yathu, pansi pa mabulangete.

Mukukumbukira dandaulo lanu. Munati mukaimba mwanayu amayankha mawu amodziamodzi, ee, ayi, ndili bwino, maso ali kwina. Munati mwina wayamba kukuiwalani, zaka zitatu si zochepa. Amene anakuuzani kuti vuto ndi magemu ndine, ndipo ndinali wotsimikiza. Loweruka lililonse foni yanu ikalira, folo koloko itangodutsa pang'ono, ndinkapita nayo kuchipinda kwake n'kumuuza kuti ndi amayi ake, aimitse kaye. Iye ankati, “Amalume, iyi siyima.” Ine ndinkati ndi mwano, chifukwa kwa ine chilichonse chokhala ndi batani chimayima. Tsiku lina ndinazula chingwe kukhoma. Anandiyang'ana kamodzi kokha, navula mahedifoni n'kuwaika pabedi, kenako n'kukupatsani moni.

Nditabisa makinawo munasangalala, ndipo sindikukunenani. Maloweruka awiri munacheza naye ola lonse. Koma kuno mwana anasanduka mlendo waulemu. Ankasesa asanauzidwe, kudya mwakachetechete, n'kuthokoza ngati wabwera dzulo. Alamu anu, amene kale ankadandaula phokoso la kuchipindako, la mwanayo akukuwa kuti kumanzere, bisalani, ndikubwera, anati nyumba yayamba kumveka ngati podikirira dokotala wa mano. Anandiuza kuti ndigulitse kapena ndibweze, koma ndisiye kugonera makina a mwana.

Lachitatu lapitali ndinawanyamula kupita nawo kwa wokonza mafoni wa pakona pa msewu wathu, bambo wamfupi amene amayenda ndi galasi lokulitsira zinthu pachipumi. Amagulanso makina akale. Anawalumikiza ku kanema wake wamng'ono, nati sagula chinthu asanachiyatse, ndipo sagulitsa asanafafanize zonse za mwini wake. Ali mkati moyang'ana anayamba kuseka. Anati mwini makinawa ndi katswiri ndithu, koma ndi wothawathawa.

Ndinamufunsa kuti akutanthauza chiyani. Anandifotokozera ngati akuphunzitsa mwana wa sitandade wanu. Anati gemu imeneyi sasewera munthu yekha. Amasewera asanu mbali ino, asanu mbali inayo, aliyense ali kunyumba kwawo, onse nthawi imodzi kudzera pa intaneti. Anandifunsa ngati ndinaonapo goloboyi akuimitsa mpira chifukwa kwawo kwabwera alendo. Wochoka pakati amasiya anzake anayi akumenyedwa ndi asanu, ndipo gemuyo imamulanga, imamutsekera masiku atatu, akabwereza sabata. Anandionetsa mndandanda wa masewera ake onse. Pakati pa mizere yambirimbiri yobiriwira panali isanu ndi iwiri yofiira. Ndinavala magalasi n'kuwerenga masiku ake. Onse anali Loweruka, mphindi khumi kapena khumi ndi ziwiri folo koloko itadutsa.

Pambali panali mauthenga a anzake. Sindinafune kuwerenga za mwana, koma umodzi unali pamwamba penipeni: watisiyanso, Tsabola, ife tatopa. Mudziwe kuti ngakhale m'gemumo dzina lake ndi lomweli.

Wokonza mafoni anaika chala pabatani. “Ndifafanize zonse, bambo?”

Ndinati dikirani. Ndinawakulunganso m'thumba langa lonunkha guluu n'kubwerera nawo.

Ndinamupeza akusita yunifolomu yake. Ndinaika makinawo patebulo n'kumuuza zimene ndaona. Poyamba anakwiya kuti ndawerenga mauthenga ake, ndipo sanalakwe. Kenako anazimitsa simbi n'kuyamba kuyankhula, mwina mphindi makumi atatu osapuma. Timu yawo ili mu mpikisano wa sabata ndi sabata umene umayamba folo koloko Loweruka. Nthawiyo saika iwo, amaika okonza mpikisano. Gemu imodzi imatenga mphindi makumi anayi. Matimu asanu ndi atatu opambana adzakumana maso ndi maso mwezi wamawa mu holo ina m'tauni, ndipo kumeneko n'kumene asanuwa akanaonana koyamba, chifukwa chaka chonsechi amangodziwana mawu. Iye m'timumo samenya. Ntchito yake ndi kuchiritsa ovulala ndi kudzutsa ogwa. Akachoka iye, ena onse amatha m'mphindi zitatu.

Ndinamufunsa chifukwa chake sanandiuze bwinobwino. Anati anandiuza kasanu ndi kawiri kuti siyima. Ndiye ndinati nanga amayi ako, bwanji sunawauze kuti nthawi zikuwombana? Anayamba kupinda malaya amene anali atapinda kale.

“Ndikanawauza akanati basi sewera mwanangu, ndidzaimba tsiku lina. Ndipo tsiku lina kulibe, amalume. Inunso mukudziwa.”

Achemwali, mwana ameneyu sanakane foni yanu ngakhale kamodzi. Mawu amodziamodzi aja ankayankha chifukwa mahedifoni anali pabedi pambali pake, ndipo ankamva anzake akumuitana dzina mmodzimmodzi mpaka onse kukhala chete. Maso anali kwina chifukwa ankaona pakanema. Sindinaganizepo zimenezi, ine amene ndinkaima pakhomo pomwepo manja ndili m'chiuno.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikukhala naye akamasewera, pampando wopanda chotsamira uja. Ndaphunzira zambiri. Ndaphunzira kuti intaneti yathu imachedwa ndi kachigawo ka sekondi, ndipo kachigawoko n'kokwanira kuti munthu afe, n'chifukwa chake amakokera tebulo kufupi ndi chitseko, kumene imagwirako bwino. Ndamva ndi makutu anga anyamata a matimu ena, akangomva mawu a mtsikana, akumuuza kuti akatsuke mbale. Iye sayankha, amangowagonjetsa, kenako n'kulemba kuti mbale zatha, kwatsala inu. Wandionetsa kumapeto kwa makope ake, kumene ine ndinkayesa amangolembalemba zopanda pake. Ndi mamapu a gemu yake imene akufuna kudzapanga, mzinda wa milatho yokhayokha, mlatho uliwonse uli ndi muyeso wake. Akuti akufuna kudzaphunzira kapangidwe ka zimenezi, ndipo wafufuza kale kuti pamafunika masamu. Mwina n'chifukwa chake masamuwo akukhoza.

Anandipatsa chogwirira chake choyendetsera gemu kuti ndiyese. Munthu wanga anayenda molunjika n'kukagunda khoma, n'kumayendabe pakhomapo ngati mbuzi yomangidwa. Nditamutembenuza anagwera m'dzenje. Tsabola anaseka mpaka kugwa pabedi, nati m'mbiri yonse ya gemuyo palibe anafapo adani asanafike. Alamu anu anabwera kudzasuzumira, atamva kusekako, n'kubwerera kukhitchini.

Koma nkhani inali isanathe, chifukwa timu inali itamuchotsa. Malo ake anaikapo msuweni wa mmodzi wa iwo. Tsabola anati sangapemphe kubwerera, wawakhumudwitsa kokwanira, ndipo manyazi ake mukuwadziwa, ndi anu omwe. Ndiye ndinati wolakwa ndine, ndikapepese ndine. Lamlungu masana ndinavala mahedifoni, mozondoka poyamba, n'kuyankhula ndi mtsogoleri wawo amene onse amangomutcha Kaputeni. Ndinkayembekezera mnyamata wamwano. Ndi mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, amathandiza mayi ake mu saluni, ndipo kumbuyo kwake kunkamveka makina owumitsira tsitsi. Ndinafotokoza zonse, za inu, za ola lanu limodzi, za chingwe chimene ndinazula. Nditamaliza, Kaputeni anati:

“Amalume, ife sitinkadziwa kuti ndi amayi ake. Tinkayesa wapeza chibwenzi.”

Tsabola anafuna kundilanda mahedifoni. Kaputeni anapitiriza kuti msuweni uja ndi mwana wabwino koma amachiritsa makoma, ndipo Maloweruka awiri apitawa aluza. Kuti afike mu holo muja ayenera kupambana masewera atatu otsalawa. Anati Tsabola amulandiranso, koma anandiuza mosabisa kuti akachokanso pakati kamodzi kokha, gemuyo imutsekera mwezi wathunthu, ndipo iwo sadzakhalanso ndi chochita. Anandifunsa ngati ndikulonjeza. Ndinati za chingwe ndikulonjeza, koma za foni ndiyenera kufunsa mwini wake.

Ndiye ndikufunsa, achemwali. Ndikudziwa chimene ndikupempha. Pa ola lanu limodzi ndikukupemphani mphindi makumi anayi, Maloweruka atatu, ndipo inu ndi amene mumadzutsa ndi kusambitsa makolo a anthu ena sabata yonse mukuwerengera ola limenelo. Tsabola wanena yekha kuti mukakana ayankha foni monga kale, ndipo ndikumukhulupirira, n'chifukwa chake ndalemba kalata yaitali chonchi.

Takonza motere. Loweruka likubwerali mudzaimbe nthawi yanu yomweyo, pafoni ya kanema. Ndidzayankha ine. Alamu anu asanja kale mabuku anga pa tebulo la kuchipinda kwake kuti foni idzatsamirepo, ndipo tayesa kawiri, kanema akuoneka bwino ndi mbali ya nkhope yake. Mudzaonera nane limodzi. Ine ndidzakufotokozerani zimene ndikumvetsa, zimene si zambiri, koma ndikudziwa tsopano kuti mzere wobiriwira wosonyeza moyo wa wosewera ukafupika zinthu zaipa. Gemu ikatha, kaya apambana kaya aluza, anzake anayi aja apempha kuti ayatse makamera awo akupatseni moni. Kadzakhala koyamba kuonetsana nkhope iwonso. Kaputeni wati adzapesa tsitsi, ndipo wawachenjeza anyamata awiri a m'timumo kuti pakamwa padzakhale posamba. Zikatero ine ndidzatuluka n'kutseka chitseko, mphindi zotsalazo zikhale za inu awiri.

Alamu anu akupereka moni, akuti majuzi munatumiza aja akwana onse kupatula yanga, imene akuti yakana mimba osati mapewa. Wokonza mafoni nayenso akupereka moni ngakhale sakudziwani, ndipo wati ndidzamuuze zotsatira.

Tsabola ndamufunsa kuti ndilembe chiyani. Wati musadzamufune kutsogolo. Mudzayang'ane wovala zobiriwira, wonyamula nyali, amene amayenda kumbuyo kwa anzake onse. Ndimati wamaliza, koma atafika pakhomo anabwerera. Wati akudziwa kuti ola limenelo ndi lanu la chakudya, ndipo zaka zitatu zonsezi sanakuoneni mukutafuna kanthu. Ndiye Loweruka mudzabwere ndi mbale yanu, mudzadye mukuonera. Iye adzakhala wotanganidwa, sadzaona.

Ine mlongo wanu wamng'ono,
amene akudikira foni ya Loweruka