Kamodzi N'kuima, Kawiri N'kunyamuka

Okondedwa Achemwali,

Muli bwanji kumeneko, inu ndi alamu anga ndi ana? Chifuwa chija chinakusiyani, kapena mukulimbana nachobe? Kuno tadzuka. Mapasa akupita kusukulu, bambo awo ali pantchito. Ababa thupi lili bwinoko, mwendo uja umatupabe madzulo koma akudya. Mumtima ndiye simuli bwino, n'chifukwa chake ndasankha kulemba. Pafoni ndikanangoyamba kukalipa, inu n'kundidulira.

Nkhani ndi iyi. A Kondakitala akudwala kwambiri. Ababa akufuna kukawaonanso asanatisiye, koma mwana wa a Kondakitalawo watitsekera chitseko chifukwa cha zimene anachita Mzime wathu. Amene angatitsegulire ndinu.

A Kondakitala mukuwakumbuka, sindikukayika. Aja ankayenda ndi Ababa pabasi zaka zonse zija, ankatinyamula n'kutikhazika pampando wa kuseri kwa dalaivala. Belu la basi ija linafa kalekale, ndiye iwo ankamenya chitsulo ndi dzanja. Kamodzi, Ababa ankaima. Kawiri, ankanyamuka. Ababa sankafunsa chifukwa, ankati kumbuyo iwo saonako, maso awo ndi dzanja la mnzawoyo. Ife tinkasewera zimenezi patebulo mpaka Amayi kutithamangitsa.

Panopa matenda a shuga anawadya maso. Ali gone kwa mwana wawo wamkazi, mphunzitsi wa pulayimale, m'katauni kaja basi inkagona.

Tsopano galimoto munatumiza ija, imene munati izitengera Ababa kuchipatala. Achemwali, kuchipatala timapita pa minibasi. Galimotoyo Mzime ndi mkazi wake anaisandutsa yojambulira mavidiyo. Loweruka lililonse ali pamsewu, ati maulendo okaona malo, n'kumaika pa intaneti. Mlamu wathuyo amagwira foni pakandodo, Mzime amalankhula ndi mawu a pawailesi amene sindikudziwa anawatola kuti. Munthu tinkamupukuta mamina ameneyu, lero akuti “okondedwa onditsatira”.

Ababa anapempha kambirimbiri kuti awaperekeze kwa mnzawo. Yankho linali lakuti mawa. Tsiku lina Mzime anamva kuti msewu wakumeneko ndi wokongola, ndipo anavomera msangamsanga. Ndinamumva akuuza mkazi wake kuti nkhani ya nkhalamba ziwiri zokumananso anthu amaikonda. Nditamva zimenezo ndinati nanenso ndipita nawo.

Tsikulo Ababa anadzuka tonse tisanadzuke. Anameta ndevu, anavala jekete lawo la kuntchito lija, ngakhale panopa likuwakhwepa. Anathira tiyi m'fulasiki yabuluu yotiwanika ija, ndi makapu awiri m'thumba la jekete. Ati tiyi ameneyu akamwera limodzi ndi mnzawo ngati kale.

Pageti tinanyamuka katatu chifukwa cha kujambula. Koyamba mlamu anati dzuwa lamuthobwa, kachiwiri anati ine sindinamwetulire. Ababa anangoyang'ana pawindo, fulasiki ili pamiyendo.

Ndisaname, msewuwo ndi wokongoladi. Umakwera n'kutsika m'mapiri, m'munsi mtsinje ukung'anima, mitengo yachita maluwa mbali zonse. Matauni ake ndi ang'onoang'ono: chigayo, sitolo ziwiri, wokonza njinga pansi pa mtengo, basi mwadutsa. Ababa nkhope inawala. Anayamba kundilozera kuti apa basi inatitimira m'matope, apo mayi wina anachirira m'basi momwemo, a Kondakitala n'kuvula malaya awo kufundika mwanayo.

Sanamalize. Mlamu anatembenuka n'kunena kuti Ababa akhale chete pang'ono, mawu awo akulowa m'vidiyo. Munthu amene anayendetsa basi pamsewu umenewo mpaka imvi kumera, akhale chete kuti Mzime afotokoze bwino za mapiri.

M'tauni yoyamba tinaima. Mzime anauza mayi wogulitsa tomato kuti aunjikenso tomato wake, anyamule mmodzi, aseke, asekenso. Atatha anangoti zikomo n'kumapita, osagula ngakhale wovunda. Kenako analozetsa foni kwa telala amene ankasoka pakhonde, moni osapereka, n'kumauza onditsatira akewo kuti anthu akuno alibe kanthu koma ndi osangalala. Telalayo anaimitsa makina n'kundifunsa ngati mchimwene wangayu mutu uli bwino. Ndinangobwerera m'galimoto.

Pamlatho tinadikira mtambo kuti uchoke. Inde, mtambo. Podikirapo Mzime ndi mlamu anatulutsa nkhuku yokazinga, n'kumadya mafuta akuyenderera m'zigongono. Mzime anali atangomaliza kunena kuti kumudzi n'kwaukhondo, mpweya wake ndi mankhwala. Foni itazima, mafupa, mapepala ndi mabotolo, zonse anaponya mumtsinje. Ine nkhukuyo ndinaisiya.

Ababa anakana kudya. Ankangogwiragwira fulasiki kuti amve ngati ikadali yofunda, n'kumafunsa motsitsa mawu ngati tinyamuke tsopano. Mzime ankati patsala pamodzi pokha. Pamodzi pameneyo panali pa tchalitchi chakale, panali pa mwala wooneka ngati chipewa, panalinso pa ng'ombe za eni ake zimene zinangodziimira m'mbali mwa msewu.

Tinafika dzuwa litapendeka. Aphunzitsi, mwana wa a Kondakitala uja, anali atasesa ndi kuphika kuyambira m'mawa, chakudya chitazizira. Sanadandaule. Anatilandira ndi manja awiri, natilozera kuchipinda, iwo n'kupita kukhitchini kukatenthetsa.

Chipindacho ndi chaching'ono koma chosamalika. Bedi lamatabwa, kawailesi pampando, mankhwala pawindo. A Kondakitala atha, Achemwali. Munthu wamkulu thupi uja watsala mafupa okhaokha m'bulangeti.

Ababa anaima pakhomo, anangotsokomola kamodzi mmene amachitira muja. A Kondakitala anatembenuza mutu n'kunena kuti, a Dalaivala, mwachedwatu, anthu atopa kudikira pasiteji. Ababa anayankha kuti nanga anyamuka bwanji kondakitala wawo ali m'tulo masanasana. Kenako anagwirana, n'kuyamba kulira ngati ana. Nanenso misozi inangotsika yokha. Ndinati basi, zonyansa za panjira zija ndakhululuka.

Pomwepo mlamu anakuwa kuti mayo, sinajambule. Ati anaiwala kudina.

Mzime anati palibe vuto, Ababa atuluke alowenso. Anatsegula katani. Anakoka bulangeti mpaka m'chiuno kuti nthiti zioneke. Ndiye, Achemwali, anakankha ndi phazi chidebe chimene a Kondakitala amadzithandizira, kuchichotsa kunsi kwa bedi kuti chibwere poyera. Ati anthu aone mmene zinthu zilili.

Ndinamugwira mkono n'kumuuza kuti achite manyazi. Anandikutumula, ati ngati sindikufuna ndibwerere wapansi. Ababa mukuwadziwa, mkangano m'nyumba ya eni saufuna. Anadzuka, anapukuta maso, anatuluka.

Analowanso. Mzime ali kuseri kwa foni kumanong'oneza kuti akumbatirane, alire pang'ono, a Kondakitala anene mawu aja a pasiteji. Ababa anagwada pambali pa bedi ngati munthu wotumidwa. A Kondakitala mawu aja sanawabwereze. Munthu wosaona amamva zonse, ndipo chidebe chija anachimva chikukhwekhwereza pasimenti. Maso awo anali kudenga. Kenako anakweza dzanja n'kumenya thabwa la bedi kawiri.

Ababa anaimirira nthawi yomweyo. Anaika fulasiki pampando, yosatsegula, n'kutuluka kukakhala m'galimoto.

Mzime anasangalala. Ati kumenya bediko kwatuluka bwino kwambiri, n'kundifunsa kuti kukutanthauza chiyani. Iye nthawi ya basi anali ku bere, sakudziwa. Sindinamuuze. Aphunzitsi anatuluka ndi mbale m'manja n'kupeza galimoto ikulira, chifukwa mlamu ankafuna tikapeze dzuwa likulowa pamlatho paja. Ndinatsanzika nditayang'ana pansi.

Tinauyamba wobwerera. Njira yonse makapu awiri aja ankangogundana m'thumba la jekete la Ababa.

Vidiyoyo anaiika. Anathiramo nyimbo yachisoni, pamwamba n'kulemba kuti Ababa apeza mnzawo wakhungu amene aliyense anamutaya. Nthiti zikuoneka, chidebe chikuoneka. Kukumana kwenikweni kuja, kwa nthabwala ndi misozi, mulibemo. Muli nkhalamba yogwada ndi ina yoyang'ana kudenga.

Aphunzitsi anaionera pafoni ya mnzawo wa kuntchito. Anthu amene sanapondeko m'tauni imeneyo akuwatukwana m'munsimo, ati mwana wamtundu wanji wogoneka bambo ake pafupi ndi zonyansa. Munthu amene amawasambitsa bambo akewo m'mawa uliwonse asanapite kukalasi. Makolo a ana awo asukulu akunong'onezana. Wina anabwera kudzaponya thumba la zovala zakutha pageti, n'kudzijambula.

Aphunzitsi anandiimbira. Sanakweze mawu, ndipo bola akanakweza. Anati anatilandira ngati abale, ife n'kuwavula pagulu. Anati wa kubanja kwathu asapondenso pakhomo pawo mpaka vidiyoyo itachotsedwa, kaya ndi Ababa amene. Ine sindikuwaimba mlandu. Ndikanakhala ine, ndikanatithira madzi a m'chidebe momwemo.

Asanadule anandiuza zinthu ziwiri. Choyamba, bambo awo asiya kudya, akungomwa madzi, ndipo a chipatala anena kuti abale aziyandikira. Chachiwiri, fulasiki ija akukana kuti itsegulidwe kapena kutsukidwa. Aiika pafupi ndi pilo. Akuti dalaivala wawo sanasiyepo fulasiki pamalo n'kulephera kuibwerera.

Ndinapita kwa Mzime. Ndinayamba mwaulemu, ndinamaliza mopanda ulemu. Iye akuti vidiyo imeneyi yaonedwa kuposa mavidiyo ake ena onse, anthu akulira nayo, ine ndi nsanje chabe. Mlamu anawonjezera kuti mkuluyo tamutchukitsa, mwana wake akanayenera kuthokoza. Ankalankhula uku akupenta zikhadabo. Ndinatuluka ndisanachite chinthu choti ndikagone kupolisi.

Ababa sanamudzudzule Mzime ngakhale liwu limodzi, ndipo zimenezi ndiye zikundipweteka kwambiri. M'mawa uliwonse amameta ndevu, amavala jekete lija, n'kukhala pakhonde. Ndikabwera amandifunsa ngati kuja aimba. Dzulo anandiuza kuti mnzawoyo sanawathamangitse ayi, anaona zimene iwo sanazione n'kuwachotsapo, monga ankachitira kale. Ati tsopano akungodikira kuti awaimitse.

Achemwali, Mzime saopa Ababa, saopa ine, sindikudziwa ngati amaopa Mulungu. Amaopa inu. Munamubereka kumsana, munamuphunzitsa sukulu, ndipo galimoto akunyadirayo ndi yanu. Muimbireni lero lomwe mwalandira kalatayi. Musamunyengerere ngati mmene mumachitira muja, mwana wa Amayi, mwana wa Amayi. Muuzeni achotse vidiyoyo, ndipo awaimbire Aphunzitsi apepese ndi mawu ake enieni, osati a pawailesi aja.

Galimoto ija sindikuifuna. Chitseko chikangotseguka ndiwatenga Ababa pabasi wamba, foni ndiisiya kunyumba. Akakhale pawindo, afotokoze za matope ndi za mayi anachirira m'basi uja mpaka atatopa okha. Tikafika ndikawasiya awiriwo m'chipinda, ine ndikakhala kukhitchini kutsuka mbale za Aphunzitsi.

Inu muli kutali, koma tsopano zonse mwaziona. Mwana wanuyu wathamanga mokwanira, ndipo a Kondakitala dzanja latsala pang'ono kulephera kudzuka. Menyani kamodzi, Achemwali, aime.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti Ababa amawafunsa. Ana muwapsompsone m'malo mwanga, wamng'onoyo aleke kuyamwa chala. Mapasa akuti amayi aakulu abwera liti. Mulungu akusungeni, akuchizeni chifuwacho, ndipo atisungire a Kondakitala masiku ochepa okha.

Ababa sakudziwa kuti ndakulemberani. Makapu awiri aja ndawatsuka, ali m'chikwama changa.

Ndine mng'ono wanu,
Make Mapasa