Mipando Isanu ndi Iwiri, Anthu Asanu ndi Atatu

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WAPADERA WA KOMITI YA BANJA

Tsiku: Loweruka, pa 9 Novembala
Malo: Pabalaza, kunyumba kwa Bambo ndi Mayi
Nthawi yoyambira: 1:40 masana, ngakhale uthenga unati 1 koloko

Mamembala amene analipo:
1. Achimwene aakulu, Wapampando
2. Anamwino, mlongo wawo, Msungichuma
3. Amakaniko, mng'ono wawo
4. Akazi a Wapampando
5. Akazi a Amakaniko
6. Mayi
7. Bambo, odziwika kuti Adalaivala, pampando wawo wamatayala

Amene sanabwere: palibe.
Wolemba: Mlembi wogwirizira, mkazi wa malemu Mlembi, wopanda voti.

1. KUTSEGULA MSONKHANO

Wapampando anapempha Mayi kuti atsegule ndi pemphero. Mayi anafupikitsa pempherolo atamva Wapampando akutsokomola kachiwiri.

Wapampando anati nkhani ndi imodzi yokha, kusankha galimoto ya banja pakati pa ziwiri zimene zili pageti. Anati wogulitsa watibwereka galimotozo mpaka 4 koloko, ndipo foni yathu ikapanda kumupeza pofika nthawiyo, azipereka kwa ena amene akumuvutitsa kale. Anavula wotchi n'kuyiika patebulo kuti aliyense aziiona.

2. ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WAPITA

Mlembi anawerenga ndipo zinavomerezedwa.

Pa zotsalira panali nkhani yakuti Mlembi akhazikitsidwe pa udindo wake kapena ayi. Pokumbutsa: Mlembi anayamba kugwirizira miyezi khumi ndi inayi yapitayo, amuna ake atamwalira. Anapatsidwa bukuli chifukwa ndi iye amene ankalilemba kale mobisa, poti zolemba za malemu zinali zosawerengeka ngakhale kwa eni ake. Malamulo a komiti amati wogwirizira savota, ndipo salankhula pokhapokha atafunsidwa. Wapampando anati nkhaniyi ikambidwa nthawi ikadzapezeka. Aka n'kachisanu ndi chiwiri kuti isunthidwe.

Mayi anafunsa chifukwa chimene Akazi a Wapampando anakayezera zenera la chipinda chakumbuyo Lachiwiri lapitali, mwini chipinda ali kuntchito. Wapampando anati zimenezo si zapamndandanda wa lero. Chipindacho ndi chimene Mlembi amagona. Chimwalirireni amuna ake, palibe amene anamuuza kuti akhale, komanso palibe amene anamuuza kuti achoke.

3. LIPOTI LA AMAKANIKO

Amakaniko anakumbutsa komiti kuti minibasi ya Bambo, imene yakhala ikutinyamula Loweruka loyamba la mwezi uliwonse kupita kumunda wa banja kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri, yafa imfa yosadzukanso. Anati injini yake anayitsitsa katatu, ndipo amene akufuna kachinayi akabwereke makaniko wina. Maulendo awiri aphonyedwa kale, ndipo Mayi anati chiyambireni kuphonya maulendowo Bambo sakudya bwino.

Amakaniko anati galimoto ziwirizi n'zazikulu, zamsana wautali, zokoka ndi matayala onse anayi, zadizilo, zachaka chimodzi, ndipo mitengo yake ikusiyana pang'ono moti si nkhani. Anati analowa pansi pa zonse ziwiri, anamvetsera injini, ananunkhiza oyilo, ndipo sanapeze pozinenera. Pofuna kusasokoneza, komiti inagwirizana zozitchula kuti Yotuwa ndi Yoyera.

Akazi a Amakaniko anati Yoyera imaoneka yaulemu pamsewu. Akazi a Wapampando anati yoyera imadetsedwa ndi fumbi usanatuluke n'komwe pageti, ndipo anafunsa kuti azitsuka ndani. Akazi a Amakaniko anati azitsuka ndi amene ankatsuka minibasi. Akazi a Wapampando anapempha kuti zilembedwe kuti iwo anatsukapo minibasi kawiri. Zalembedwa. Nkhani ya mtundu inatenga mphindi makumi awiri ndi zisanu, ndipo Wapampando anatembenuza wotchi kuti iyang'ane amayi awiriwo.

Atafunsidwa kusiyana kwenikweni, Amakaniko anatchula ziwiri. Choyamba, Yotuwa ili ndi mipando isanu ndi iwiri, pamene Yoyera ili ndi isanu ndi itatu. Chachiwiri, pokwerera pa Yotuwa n'potsika ndi zala zinayi kuyerekeza ndi pa Yoyera.

4. MAGANIZO A MSUNGICHUMA PA THANZI LA BAMBO

Anamwino anati alankhula ngati namwino, osati ngati Msungichuma. Anati chichitireni sitiroko, Bambo mwendo ndi dzanja lamanja sizigwira, ndipo zala zinayi zimene ena akuziona zochepa ndi phiri kwa munthu wokwera ndi mwendo umodzi. Anati pa Yotuwa Bambo angakwere atagwiridwa ndi munthu mmodzi, koma pa Yoyera afunika kunyamulidwa ndi anthu awiri. Anapempha kuti mawu awa alembedwe momwe anawanenera: "Bambo anga sadzanyamulidwa ngati thumba la simenti anthu akuona, ine ndili moyo."

Palibe amene anatsutsa. Mlembi nayenso anaona kuti Anamwino akunena zoona.

5. KUWERENGA OKWERA NDI VOTI

Wapampando anati tisanavote tione ngati mipando isanu ndi iwiri ikukwana. Ana sanawerengedwe, popeza ulendo wakumunda sapita nawo chiyambireni sukulu zogonera komweko. Anapempha buku kwa Mlembi, natsegula tsamba la lero, nayendetsa chala pa mndandanda wa mamembala kuyambira nambala 1 mpaka 7. Anati, "Ndiye basitu, takwana ndendende. Mpando wachisanu ndi chitatuwo tikanangolipirira mphepo." Anabweza bukulo.

Mndandandawo anaulemba ndi Mlembi yemwe, ndi dzanja lake, monga amachitira msonkhano uliwonse: mamembala ndi manambala awo pamwamba, iye pansi popanda nambala. Chala cha Wapampando chinaima pamene panathera manambala.

Akazi a Amakaniko anatsegula pakamwa, anayang'ana Mlembi, kenako anayang'ana Anamwino, n'kutsekanso. Akazi a Wapampando anali kuyang'ana zikhadabo zawo. Mlembi sakudziwa amene anaiwaladi ndi amene anangokhala chete.

Si mwambo wa zolembedwa kuti wolemba anene zakukhosi kwake, koma Mlembi akulemba kuti anachita mantha. Ulendo wakumunda wauyenda zaka zisanu ndi zinayi, ndipo panyumba pano amene amakwera galimoto ya Bambo Loweruka loyamba ndiye wapabanja. Anaona kuti lero ndi mpando, mawa ndi chipinda chimene chayezedwa kale zenera. Akanakweza dzanja akanaphwanya lamulo, ndiponso akanakhala akupempha kuti apongozi ake azinyamulidwa ndi anthu awiri pofuna kuti iye apeze pokhala. Anapitiriza kulemba.

Zotsatira za voti: Yotuwa, mavoti anayi (Wapampando, Akazi a Wapampando, Anamwino, Amakaniko). Yoyera, voti imodzi (Akazi a Amakaniko, amene anati akuvotera mtundu, koma ananena akuyang'ana pansi). Mayi anati za magalimoto sazidziwa. Bambo sanafunsidwe, monga zakhala zikuchitikira chidwalireni. Nthawi inali 3:05.

6. KUYESA GALIMOTO YOSANKHIDWA

Wapampando atatenga foni kuti aimbire wogulitsa, Anamwino anati ayambe aona Bambo atakwera. Msonkhano unasamukira pageti.

Bambo anakwera Yotuwa mosavuta, atagwiridwa ndi Anamwino okha, nakhala kutsogolo pambali pa woyendetsa. Ena anaombera m'manja. Mpando wamatayala unapindidwa n'kulowa kumbuyo, ngakhale Amakaniko anachita kukankha chitseko ndi phewa. Aliyense anapeza malo ake. Amakaniko anakhala pachiwongolero. Mlembi anaima panja pafupi ndi mpanda, buku lili m'manja, kuti alembe zochitikazo.

Amakaniko atalowetsa kiyi kuti alize injini, Bambo anawagwira pamkono ndi dzanja lawo lamanzere. Amakaniko anati, "Bambo, ndikungoliza basi, sitikupita kulikonse." Bambo sanawasiye.

Pofotokozera amene adzawerenge bukuli m'tsogolo: Bambo anayendetsa mabasi zaka makumi atatu, ndipo sanalizepo injini asanawerenge mitu ya okwera pagalasi, kawiri. Mndandanda wa kondakitala sankaukhulupirira. Ankati pepala silidziwa amene wapita kuseri. Ngakhale pa minibasi ya banja ankatiwerenga chomwecho, ife tikudandaula kuti dzuwa likutentha.

Bambo anasiya mkono wa Amakaniko, nakonza galasi lapakati kuti liwayang'ane, nayamba kuwerenga ndi chala. Anatenga nthawi yaitali. Wapampando anati, "Bambo, tawerenga kale m'nyumba, tili seveni." Bambo anawerenganso kachiwiri. Kenako anatembenuza mutu pang'onopang'ono, nayang'ana panja pa zenera mpaka anapeza Mlembi.

Bambo salankhula mawu ambiri masiku ano, ndipo amene amatuluka amatuluka movutikira. Iwo amamutchula Mlembi kuti Kalaliki chilowereni m'banjali. Anati, "Kalaliki watsala."

Wapampando anati alamu akhoza kumatsatira pa basi, kapena kusinthana ndi wina mwezi ndi mwezi. Bambo anazula kiyi n'kuyiika m'thumba la malaya awo. Anati, "Sitinyamuka."

Mayi anatsika. Anati za magalimoto sazidziwadi, koma kuwerenga mpaka eyiti amatha, ndipo akuchita manyazi kuti anadikira munthu wodwala kuti awawerengere ana awo. Anauza Wapampando kuti, "Iwe, malemu mng'ono wako anatisiyira munthu, sanatisiyire cholembera." Wapampando anati iwo anangotsatira zimene zili m'buku. Mayi anati ndiye vuto lake limenelo.

Anamwino, misozi ili m'maso, anafunsa Bambo ngati akumvetsa kuti Yoyera ndi yokwera, ndipo azichita kunyamulidwa. Bambo analoza Yoyera. Anamwino anafunsanso, Bambo analozanso, mokwiya.

Bambo anatsitsidwa n'kukayesedwa pa Yoyera. Ulendo woyamba mwendo unakana, ndipo anatsala pang'ono kugwa chagada, Akazi a Wapampando anakuwa. Ulendo wachiwiri Amakaniko anabweretsa bokosi lawo la zipangizo n'kuliika pansi ngati popondera, ndipo Bambo anakwera atagwiridwa ndi Anamwino mbali ina, Mlembi mbali ina. Buku linali pansi pa fumbi nthawi imeneyo, n'chifukwa chake tsamba lino lili ndi chidindo cha nsapato. Bambo anafika pampando thukuta lili kamukamu, akupuma mwabefu. Onse atakwera, anawerenga mitu kawiri, napeza isanu ndi itatu, nagwedeza mutu kwa Amakaniko kuti alize.

7. VOTI YACHIWIRI

Inachitikira m'galimoto momwemo, injini ikulira, nthawi ili 3:48. Wapampando anati malamulo salola kubwereza voti tsiku lomwelo. Amakaniko anati, "Achimwene, kiyi ya Yotuwa ili m'thumba mwa Bambo, kaitengeni inuyo ngati mungathe." Wapampando analola voti.

Yoyera, mavoti asanu ndi limodzi, kuphatikizapo ya Bambo, imene yalembedwa koyamba chidwalireni. Akazi a Wapampando sanavote. Anamwino anavota ndi mfundo yakuti Amakaniko awotcherere chopondera chachitsulo chokhazikika kumbali ya Bambo ulendo woyamba usanafike, ndipo akalephera aonana. Amakaniko anati pofika Lachinayi chikhala chatheka. Anamwino anapempha kuti tsikulo lilembedwe, podziwa Lachinayi la amakaniko.

Wapampando anaimbira wogulitsa nthawi ili 3:56. Foni inaitana kasanu isanayankhidwe, ndipo palibe amene anapuma bwino mpaka itayankhidwa.

8. ZINA NDI ZINA

Msonkhano unabwerera pabalaza. Mayi anabweretsanso nkhani ya zenera. Akazi a Wapampando anati iwo ankaganiza kuti mwina alamu ali ndi maganizo obwerera kwawo, ndiye ankaona ngati makina awo osokera angakwane m'chipindamo, koma sanafune kukhumudwitsa munthu. Mayi anati makinawo ali bwino pamene ali. Akazi a Wapampando anapempha kuti zilembedwe kuti anapepesa. Mlembi sanamve kupepesako, koma walemba pempholo.

Akazi a Amakaniko anapempha kuti nkhani yokhazikitsa Mlembi ikambidwe pompano. Wapampando anati nthawi yatha, ndipo Yotuwa iyenera kubwezedwa kwa mwini wake. Nkhaniyo yasunthidwa kachisanu ndi chitatu. Kiyi ya Yotuwa Bambo anaipereka kwa Mayi, atakana kupatsa Wapampando.

9. MSONKHANO WOTSATIRA NDI KUTSEKA

Msonkhano wotsatira udzakhala Loweruka pa 7 Disembala, kumunda, tikakafika. Wapampando anatseka msonkhano nthawi ili 4:20 madzulo.

Pofuna kusaina, Wapampando anakhala nthawi akuyang'ana mzere wa Mlembi, Bambo akuwayang'ana iwo. Kufufuta kumene kukuoneka m'munsimu, pa mawu akuti "wogwirizira", ndi kwa dzanja la Wapampando. Nambala 8 imene yaikidwa pambali pa mzerewo, yopendekera ndi yonjenjemera, analemba ndi Bambo ndi dzanja lamanzere. Mlembi sanakonze chilichonse.

Wasaina: ..............................
Wapampando

Wasaina: ..............................
8. Mlembi