Chithunzi cha abambo ndachitsitsa

Lachitatu, Febuluwale. Kwacha bwino, mvula yapumako.

Webusaiti yanga ya mbande za mitengo ija ndimayesa yatha. Lero ndinapita nayo kwa Simlemba kuti bambo aang'ono ayiyese pafoni yanga. Ndinawapeza m'chigafa akusoka fodya, zala zili bii, zomata. Anadina ndi kuseri kwa chala, n'kuphonya batani loimbira. Ndi laling'ono ngati njere ya mpiru. Choipa kwambiri, chithunzi cha malemu abambo, chimene ndinaika pamwamba penipeni, chinkatseguka pang'onopang'ono chifukwa netiweki ya kumeneko ndi yofooka. Chinangoonetsa chipewa basi. Iwo anatopa, nabwerera ku fodya wawo. Zinandinyansa, koma mlandu ndi wanga.

Ndinakhala pachitsa n'kukonza pomwepo. Batani ndalikulitsa, zilembo zotuwa zija ndazidetsa kuti zizioneka padzuwa. Tsopano ukangotsegula ukuona mbande za mthethe ndi msangu, kenako poimbira. Chithunzi chija ndinachichepetsa n'kuchitsitsa pansi. Nazale ya mbandezi anayambitsa ndi malemu abambowo, ndiye ine ndiwakankhire kumapeto?

Bambo aang'ono atayesanso, zonse zinatseguka msanga. Anatsetsereka ndi chala mpaka pansi pa tsambalo, naima pa chithunzi chija.

"Achimwene awa," anatero.

"Ndawatsitsa, bambo. Mwina ndalakwa."

Anaseka. "Mwana iwe, munthu uyu ngakhale kutchalitchi ankakhala benchi yakumbuyo. Pamwamba paja umamuzunza."

Pafoni yanga patsala chidindo cha chala chawo, chakuda. Sindinapukute, kaya mawa...