Mkazi Mnzanga wa pa Mtsinje wa Thames

Romford, 12 Novembala 2006

Okondedwa achemwali a Winfrida,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Nanga miyendo ya amayi ikuti bwanji? Ine ndilipo, ndayambanso ntchito kuchipatala, ngakhale nyumba yandikulira chimwalirire bambo a Shantel.

Pali nkhani imene sindinakuuzeni pamaliro paja. Ndinali ndi mkazi mnzanga. Musadzidzimuke, ndi sitima ya pamadzi. Azungu kuno sitima amaitchula ngati munthu wamkazi, ine osadziwa. Tsiku lina ndinawamva alamu anu pafoni akunena m'Chingerezi kuti mayiyo wakalamba koma nthiti zake n'zolimba, ndipo akamuona Loweruka. Ndinatha sabata osawayankhula. Atamva chifukwa chake anaseka mpaka kutsamwa.

Sitimayo ndi yaing'ono, inali ya asilikali a pamadzi, ntchito yake kusesa mabomba otchera m'nyanja. Anaipanga ndi matabwa kuti mabomba omva chitsulo asaphulike ikamadutsa. Nkhondo sinaione n'komwe. Asilikali ataigulitsa inanyamulapo alendo okawedza, kenako bambo wina wachikulire, a Killian, anaisandutsa nyumba yawo pa mtsinje wa Thames. Alamu anu, ndi ukalipentala wawo wa ku Zomba uja, ankakasintha matabwa owola Loweruka lililonse kwa zaka zisanu. Ine tsikulo ndinkadya ndekha.

Dzulo a Killian anandibweretsera kope limene analipeza m'bokosi la zipangizo. Masamba makumi anayi, dzanja la amuna anga, mbiri yonse ya sitimayo: chaka chimene inalowa m'madzi, mayina amene yasinthapo, ngakhale malo amene imadontha. Mabuku ndawerengapo ambiri, koma ili ndinalitsata ndi chala, mzere ndi mzere, kufuna dzina langa. Mulibe.

A Killian anati ndikaone ntchito ya manja a malemuwo. Ndinathokoza, koma mtima ukukana. Ndikudziwa kuti kuchitira nsanje matabwa n'kupusa, komatu matabwawo analembedwa, ine ayi.

Pempho langa ndi limodzi. M'sutikesi yanga yobiriwira kwa amayi muli makalata amene alamu anu ankandilembera ndili kusukulu ya unamwino. Ngati chiswe chasiyako ngakhale imodzi, mupatsire a Bonface a kutchalitchi kwathu kuno, amene ali kumudziko ndipo abwera mwezi wamawa. Chonde musawerenge. Ndikakhala ndi yangayanga m'manja, mwina ndidzatha kukwera sitimayo.

Mundiperekere moni kwa amayi, amalume, azakhali ndi ana nonse. Shantel nayenso akupereka moni, m'Chingerezi chake chija.

Tsalani bwino.

Ndine mng'ono wanu,
Mable